Mpando wa Apongozi Pansi pa Zenera

Chaka chimene bungwe loona za makoleji linati libwera kudzatiyendera, anthu ondithawa pa koleji pathu anachuluka kuposa ondipatsa moni. Koleji yake ndi yaing'ono, yophunzitsa aphunzitsi a pulayimale, chakunja pang'ono kwa boma la Lundazi. Bungwelo linatiuza mosapsatira kuti lizivomereza satifiketi zathu pokhapokha tionetse umboni woti amene timawatulutsa amathadi kuphunzitsa. Kunena kuti “timamudziwa, ndi mwana wabwino” sikunalinso umboni. Ntchito yosonkhanitsa umboniwo anaikankhira kwa ine, poti ndilibe mwamuna kapena mwana wondidikira kunyumba. Sanatchule chifukwacho, koma ndinachimva ndithu.

Ndinali kale munthu wa pambali. Makolo anga anachokera ku Kasungu kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo ngakhale ndinakulira kuno, Chitumbuka changa n'chogulira tomato pa msika basi. Anzanga akaponya nthabwala m'chipinda cha aphunzitsi, ine ndinkaseka iwo atatha kale. Ndiye nditayamba kuwafunsa mapepala a mayeso ndi malikisi a ana awo, ananditcha apolisi. Ndili ndi mtima wapachala, sindikana, ndipo ena ndinawayankha zowawa. Pamapeto pake tiyi ndinkamwera mu ofesi ndekha.

Umboni waukulu unali wa ophunzira a chaka chomaliza, amene timawatumiza m'masukulu kukayeserera kuphunzitsa. Lamulo latsopano linati aliyense aonedwe akuphunzitsa ndi anthu awiri, mmodzi wa ku koleji, wina mphunzitsi wa satifiketi wa pa sukulu yomweyo. Aliyense wa awiriwo apereke malikisi ake: kodi waima poonekera, kodi mawu ake akufika kumbuyo, kodi akuwayang'ana ana, kodi anawo atolapo kanthu. Wolephera amapatsidwa mwayi wachiwiri, akalepheranso ndiye kubwereza chaka. Panalinso lamulo la ife oyesa, loti tisadye kapena kugona kwa wophunzira, ndiponso tisalandire mphatso.

Ulendo womwe sinditha kuuiwala ndi wa ku Chikomeni. Ndinapita pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'mano, fodya akuuma m'zigafa m'mbali mwa msewu. Kumeneko kunali mtsikana wina amene sindinkamudera nkhawa m'pang'ono pomwe. Ku koleji ndiye anali ndi mawu oposa onse. Akamayeserera phunziro, a kalasi yoyandikana ankatumiza munthu kudzapempha kuti achepetse. Anali wokwatiwa, ndipo okwatiwa tinkawatumiza ku sukulu ya pafupi ndi kwawo kuti asavutike pogona. Tinkaona ngati tawachitira chifundo.

Sukuluyo inali ndi aphunzitsi a satifiketi awiri okha. Mmodzi anali kuchipatala ku boma akudwazika mwana, kotero anatsala ndi ahedi, bambo wamtali waimvi, wolankhula mosathamanga. Anandilandira ndi “Monire, Madamu,” n'kunditsogolera ku giredi folo. Pakhomo anazengereza pang'ono, koma ine sindinaganizepo kanthu. Tinalowa n'kukhala kumbuyo.

Mtsikana uja anali atakonzekera bwino. Pa tebulo anandandalika zitini momwe anameretsa mtedza, wina wothiriridwa, wina wouma, wina wobisidwa mumdima. Phunziro linali la zomwe mbewu imafuna kuti imere. Koma atangoona ahedi, anawerama, n'kuombera m'manja chapansipansi, ndipo sanawongokenso. Anayang'ana kumbali, kukhoma. Polemba pa bolodi anakhala ngati akufuna kugwada. Mawu aja a makalasi awiri anasanduka manong'onong'o. Ana a kutsogolo ankatchera khutu, a kumbuyo anayamba kutsinana. Ndinayang'ana ahedi, nawonso maso ali pansi, akuona nsapato zawo.

Ndinalemba zomwe ndinaona, poti ndiyo ntchito yanga. Mawu sanamveke, ana sanayang'anidwe, ndipo atafunsidwa pamapeto palibe anayankha. Analephera. Mtima unandiwawa, komanso ndinapsa mtima kwambiri.

Ana atatuluka ndinamuitanira kuseri kwa kalasi.

“Iwe, wadwala? Mawu ako wawasiya kuti?”

“Madamu, aja ndi apongozi anga,” anatero. “Ndinakwatiwa ndi mwana wawo.”

Zoti mpongozi saima njo pamaso pa bambo a mwamuna wake, sawayang'ana kumaso, sakweza mawu, ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Koma sindinaganizepo kuti zingalowe mpaka m'kalasi. Anandifotokozera kuti teremu yonse ankazembana. Ahedi akakhala ndi uthenga ankatuma mphunzitsi mnzawo uja, ndipo iye akamaphunzitsa, iwo ankakakhala ku kalasi ya kumapeto. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire.

“Ndiye sunanene bwanji ku koleji?”

“Ndimati adzandiona ndi aphunzitsi enawo.”

“Mawa uyesenso. Utseke maso, uyerekeze kuti palibe.”

Anapukusa mutu. “Lilime limalemela lokha, Madamu. Ndipo anawa akakafika kunyumba akanena kuti ndinakuwa pamaso pa apongozi. Ndikhala bwanji m'mudzi?”

Anawonjezera kuti akabwereza chaka sabwereranso ku koleji. Banja la mwamuna linamulola zaka zomwe anapangana, ndipo anthu anali atayamba kale kuyankhula kuti mkaziyu akungobereka mabuku. Mawa ndiye linali tsiku lake lomaliza, ndipo ine sindikanatha kudikira mphunzitsi wa kuchipatala uja, poti mafaelo ankafunika ku koleji bungwe lisanafike.

Ndinapita ku ofesi ya ahedi mtima uli m'mwamba. Ndinawafunsa ngati palibe mwambo womasula mpongozi kuti azilankhula. Anati ulipo. Amayi akuluakulu amakonza tsiku, apongozi n'kupereka nkhuku, ndipo kuyambira pamenepo amatha kuyankhulana. Koma kwawo zimenezi zimachitika mwana woyamba akabadwa.

“Ndipo mwana palibe,” anatero motsitsa. “Ndikachita lelo, mudzi uti ndataya chiyembekezo. Ndiwachititsa manyazi oposa awa.”

“Ndiye alephere chifukwa cha ulemu?” ndinatero, mawu atakwera kuposa m'mene ndinkafunira. “Mwanayu ndi mphunzitsi weniweni. Mukumupha ndi ulemu wanuwu.”

Sanakwiye. Anangoti, “Madamu, inu mwabwela ndipo mupita. Ife tikhala pano.”

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, kunabwera mayi wachikulire pa nyumba yopanda munthu imene anandipatsa kuti ndigonemo. Anali akazi a ahedi. Anagwada pakhomo, nkhuku yoyera ili m'manja, nati mlendo sagona ndi njala pa mudzi pawo. Ndinawafotokozera za lamulo m'Chitumbuka changa chothyokathyoka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anathokoza kuti “Yewo,” n'kunyamuka ndi nkhuku yawo. Ndinaona pa msana pawo kuti ndawanyoza. Kukana nkhuku ya mlendo ndi chinthu chimene amayi anga akanandimenyera ngakhale ndili wamkulu.

Ndinakhala pakhonde ndikudya mabanzi ouma omwe ndinagula pa msika wa Lundazi. Kutsidya kwa bwalo la mpira utsi unali kukwera m'makomo, anthu akuitanizana. Palibe anabweranso kudzandicheza, ndipo sindikuwaimba mlandu. Ndinali munthu amene walepheretsa mpongozi wa pa mudzi n'kukananso chakudya. Ndinaganiza zoimbira wina foni, koma nditayang'ana maina onse sindinapeze woti ndingamuuze nkhani yotere osayamba ndi kufotokoza kuti bungwe n'chiyani. Ndinasungulumwa kwambiri tsiku limenelo.

M'mawa ndinafika ku giredi folo ndisanapeze nzeru iliyonse. Kunja kwa kalasi, pansi pa zenera lopanda galasi, panali mpando. Ahedi anali atakhalapo kale, pepala la malikisi lili pa bondo. Zeneralo linali chakutsogolo, kotero kuti iwo akatembenuka pang'ono ankaona nkhope za ana onse, koma wa pa bolodi sankamuona, ndipo nayenso sakanawaona.

“Ine nimvela pano,” anatero. “Kuona muone ndinu.”

Ndinaganizira lamulo lija. Linkafuna kuti woyesa wachiwiri atsatire phunziro lonse. Za mpando kukhala mkati kapena kunja silinanene. Ndinawauza kuti ndilemba zoona, kuti anakhala panja, ndiponso chifukwa chake, ndipo bungwe likakana ndidzayankha ndine. Anavomera ndi mutu.

Ndinalowa ndekha n'kukhala kumbuyo. Mtsikana uja anayang'ana mpando wopanda munthu pambali panga, kenako anayang'ana kuzenera. Ankadziwa. Aliyense m'kalasimo ankadziwa. Anayamba chapansipansi ngati dzulo, ndipo ine ndinagwa mphwayi. Kenako ananyamula chitini cha mtedza wa mumdima uja, wotumbuluka, wautali ngati ulusi, n'kufunsa ana kuti wadwala chiyani. Mwana wina anati wafa ndi njala. Anzake anaseka, iyenso anaseka, ndipo ndi kuseka komweko mawu anabwerera.

Anayenda pakati pa mabenchi, akugwiritsa ana zitini, akuwafunsa zomwe amayi awo amachita akamabzala. Mwana akasowa mawu a Chinyanja ankamulola kuyankha m'Chitumbuka, kenako n'kumuthandiza kubwereza. Anawaimbitsa kanyimbo ka madzi, mpweya ndi kufunda, mpaka a giredi faifi anasuzumira pakhomo. Pamapeto atafunsa mafunso, manja anakwera ngakhale a ku benchi yomaliza, aja otsinana dzulo. Cholembera changa chinkangothamanga chokha.

Ana atatuluka ndinapita kuzenera. Ahedi anandipatsa pepala lawo. Pa funso la kaimidwe ndi la kuyang'ana ana anasiya osalemba, poti sanaone, koma kwina konse anapereka malikisi okwera. Ngakhale ndi mipata imeneyo, mtsikanayo anakhoza bwino lomwe. Bungwe litabwera linawerenga zomwe ndinalemba, linandifunsa za mpando uja, ndipo linavomera. Iye ndi mphunzitsi tsopano.

Koma pa nthawiyo ahedi sananyamuke pampando. Mtsikana uja anali mkati akusonkhanitsa zitini zake, khoma lokha lili pakati pawo. Bambo aja anakonza kukhosi, nayang'ana ku bwalo la mpira.

“Madamu, muwauzeko apongozi anga,” anatero, mokweza pang'ono kuti zimveke mkati. “Chibwelele pa mudzi wanga, sindinamvepo mawu awo. Ndinali kungomva kwa ana kuti amaphunzitsa bwino. Lelo ndamva ndekha. Muwauze kuti ndakondwela.”

Zitini zinasiya kulira. Ndinadziwa kuti wamva zonse, komabe ndinazungulira n'kulowa pakhomo, poti uthenga wa apongozi umafuna woutenga. Ndinamupeza atagwada pafupi ndi tebulo, misozi ikutsika, choko chidakali m'manja. Ndinabwereza mawu onse, osasiyako limodzi.

“Muwauze kuti yewo,” ananong'ona.

Ndinatulukanso n'kukawauza. Anagwedeza mutu, ananyamula mpando wawo okha, n'kulowera ku ofesi. Mtsikanayo anadikira mpaka atalowa, kenako anatulukira njira ya kuseri yopita kumudzi.

Ine ndinakaima pa msewu ndi chikwama changa cha mafaelo, kudikira njinga yamoto. Chaka chonsecho ndinali kunyamula mapepala amene palibe ankafuna kundipatsa. Mawu a anthu awiri aja okha ndi amene wina anandipempha kuti ndinyamule, ndipo ulendo wake unali wongozungulira khoma.