Buku Lowerengeka Kutsidya kwa Msewu

Achimwene anga amalemba zikwangwani. Atha zaka makumi awiri m'kashedi konunkha penti ndi parafini, kulembera ometa, osoka nsapato ndi okonza mawailesi. Lamulo lawo ndi limodzi: chilembo chosawerengeka kutsidya kwa msewu si chilembo. Ngakhale kalata yopita kwa aphunzitsi, akalemba mawu anayi pepala latha.

Mwana wawo wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, timamutcha Kambalame chifukwa pakamwa sipatsekeka. Atamusankha kukhala mtambo m'sewero la kusukulu, m'nyumba simunapumikenso. Mawu ake anali awiri okha, "Ndabweretsa mvula," koma ankayeserera m'bafa, patebulo, ngakhale kwa mphaka. Mayi ake anamusokerera thonje pa diresi yakale.

Kutatsala masiku awiri kuti sewero lichitike, katsabola anamutuluka thupi lonse, ndipo anesi anati asayandikire ana anzake. Mwanayo sanalire. Anangotembenukira kukhoma n'kuti zii, ndipo zimenezo zinatiwawa kuposa kulira.

Tsiku la sewero achimwene anatseka shedi m'mawa, chinthu chimene sanachite ngakhale pa ukwati wanga, n'kupita kusukulu kukakhala kutsogolo ndi pensulo. Anajambula zonse: mwana wosewera dzuwa ataiwala mawu, ana awiri osewera mitengo akukankhana. Atabwerako anadula makatoni asanu ndi atatu, kuwapenta, kuwayanika pawaya, n'kuwasoka ndi chingwe kukhala buku. Pamalo pa mtambo anajambulapo Kambalame ndi madontho ake a katsabola omwe, poti iwo sabisa kanthu. Wometa wina mpaka lero amadandaula za dazi lake limene analijambula pachikwangwani chake.

Ine ndinaseka. Ndinati buku la ana silikula ngati chitseko cha kabati, ndipo zilembo zakezo n'zoopsezera mwana. Anangoti iwo kulemba kumene amakudziwa ndi komweko.

Loweruka aphunzitsi anabwera ndi ana asanu kudzazonda mnzawo. Anaima kunja kwa mpanda, poti kulowa kunali koletsedwa. Kambalame anavala diresi yake ya thonje, kukwera pampando, n'kutsamiritsa buku pawindo, mayi ake akumuthandiza kutembenuza masamba. Ana aja ankawerenga tsamba lililonse mokweza ali kumpanda komweko, osatsinzina diso n'komwe. Atafika pa tsamba la mtambo, aphunzitsi anaika chala pakamwa, onse n'kukhala chete kudikira mwini wake.

"Ndabweretsa mvula," anatero Kambalame, mawu akumveka mpaka kumsewu.

Ana anawomba m'manja. Ine mtima unadzaza ndi kunyada, manyazi a kuseka kwanga kuja ali pomwepo. Achimwene anali pambali panga, penti yabuluu idakali m'zikhadabo, maso ali pawindo.

"Mwaona, achemwali?" anatero chapansipansi. "Lawerengeka."