Phewa la Ambokile, Maso a Tumpale

Ku Kyela kuno amakaniko alipo ambiri, koma woyamba wayang'ana munthu asanagwire njinga ndi Tumpale yekha, mdzukulu wa kwa Mwakalinga. Onena kuti sipanala si ya mkazi anene, pakamwa mpawo. Mwanayu anayamba kumasula zinthu asanagule n'komwe mano: wailesi, loko wa pakhomo, nyali ya agogo ake, kungofuna kuona chili m'katimo. Lero ali ndi galaja yakeyake pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika wa mpunga.

Tsiku lina mlongo wake wamng'ono, Ambokile, wa kabaza wa njinga yamoto, anabwera ndi nkhani yoti akusiya ntchito. Phewa lamanja linali litamuwawa miyezi itatu. Mapilitsi anamwa, osathandiza. Anzake pa siteji ankanong'ona kuti wina wamulodza. Ndiye ati agulitse njingayo, pomwe kunyumba kuli ana awiri ndi mkazi woyembekezera!

Tumpale anangomuuza kuti ayendetse njingayo mpaka pa mlatho n'kubwerera, iye atanyonyomala m'mbali mwa msewu. Zimene anaona zinamudabwitsa. Tayala likubwera molunjika bwinobwino, koma mkono wamanja wa Ambokile uli tambasu, wamanzere wopindika.

"Iwe, njingayi unagwa nayo liti?"

"Ine kugwa? Achemwali, mwayamba kuombeza maula?"

"Usandinamize, ndinakubereka kumbuyo ine."

"Chabwino, m'matope a ku Ipinda, nthawi ya mvula ija. Komatu ndinawongola ndekha. Ndinapana tayala ndi mawondo n'kupotoza handulo, ngati mmene amachitira aliyense."

"Aliyense wake uti? Ukuyesa ndi yakapalasa imeneyi?"

Tumpale anatenga kagalasi ka windo n'kukagoneka pa mafoloko onse awiri, zitsulo zija zogwira tayala la kutsogolo. Kanali kugwedera, kona ina osakhudza. Mafolokowo anali atapotoka m'zogwirira zake, ndipo miyezi yonseyi phewa ndi limene linkawongola njira.

Anamasula mabauti a m'munsi ndi a pa tayala, kusiya a pamwamba okha. Anatsamiritsa tayala pa tsinde la mango n'kukankhira handulo pansi mwamphamvu, kanayi, kasanu. Panamveka kuti khwa. Atamanganso mabauti, kagalasi kaja kanagona phee.

Ambokile anakwera monyadira, koma thupi linali litazolowera kupendama. Sanayende patali, analowa m'nthochi za eni.

"Njinga yawongoka," Tumpale anakuwa akuseka, "watsala ndi iweyo!"

Patatha milungu itatu, mnyamatayo anatulukira pagalaja atasenza thumba la mpunga watsopano paphewa lomwe lija. Za kugulitsa njinga sanazitchulenso.

Tumpale sanaleke pomwepo ayi. Masiku ano akamadya nthochi zake zophika masana, amakhala choyang'ana kumsewu, kumaonetsetsa mapewa a akabaza odutsa. Wapeza kale anayi opendama.