Kapu Yomwe Amalume Anaika Pansi

Amalume anga a Mutlaq anathira khofi m'bwalo la kalonga wa chigawo chathu zaka makumi atatu, ali chiimire. Wothira khofi sakhala pansi. Ketulo kumanzere, timakapu kumanja, maso pa zala za alendo kuti aone amene wagwedeza kapu kusonyeza kuti wakwana. Nyumba yawo, ulendo wa amayi awo wa ku Maka, sukulu ya ana, zonse ankati ndi dzanja la kalonga.

Nditabwerako ku Canada ndinkakonda kuwaputa. "Dzanja lake liti, amalume? Mafuta a petulo amene amamulemeretsawo anawakwirira pansi ndi iyeyo?"

"Iwe kuzizira kwa kumeneko kunakuumitsa ubongo," ankatero. "Tsitsa mawu."

Kenako mafuta anagwa mtengo, ndipo anthu makumi anayi anasaina kalata yopempha kuti pakhale nyumba ya malamulo yosankhidwa ndi anthu. Ine ndinaiwerenga kawiri n'kubweza cholembera m'thumba. Mwana wa amalume, Dhari, mphunzitsi, anasaina. Apolisi anakamutengera m'kalasi. Miyezi iwiri inatha osamva komwe ali.

Lolemba lina m'mawa amalume anati ndiwaperekeze ku bwalo. Munali modzaza akuluakulu a mafuko. Anathirira kalonga, anathirira alendo onse. Atamaliza anadzithirira okha, n'kukhala pa kapeti moyang'anana ndi kalonga, kapu n'kuiika pansi osamwa.

Kwathu mlendo akatero ndiye kuti ali ndi pempho, samwa mpaka litavomerezedwa, ndipo mwininyumba amene khofi wake wazizira osamwedwa manyazi ake amafika kwa adzukulu. Koma amalume sanali mlendo. Msilikali wa pakhomo anasendera pafupi.

"Bambo a Dhari, miyendo yatopa kodi?" anatero kalonga, akumwetulira ndi milomo yokha.

"Moyo wanu utalike, miyendo ili bwino. Ndi mwana wanga."

Nthunzi ya m'kapu inkachepa ndikuiona. Akuluakulu aja sankayang'ana amalume, ankayang'ana kalonga.

"Imwani khofi wanu," anatero kalonga.

Amalume anatenga kapu ija n'kumwa.

Dhari anatuluka m'ndende Lachinayi, ataonda, pasipoti atamulanda. Amalume sanaitanidwenso ku bwalo. Anamuuzabe Dhari kuti akapsompsone phewa la kalonga pothokoza. Dhari anakana, nati iye sanapemphe chifundo, anapempha malamulo. Amakhala nyumba imodzi, amadyera mbale imodzi, koma nkhaniyo ikangoyambika mmodzi amadzuka n'kutuluka.