Timabokosi Todzazidwa Kale

Bambo amene anthu ankawatcha a Dikishonale anabadwa m'chaka cha 1948, analowa ukalaliki wa ku positi ofesi pa 3 Febuluwale 1969, ndipo anapuma ntchito mu Juni 2008. Dzinali linabwera chifukwa cha masewera a m'nyuzipepala aja odzaza mawu achingelezi m'timabokosi, ena chopingasa, ena chotsika. Ankadziwa kuti ewe ndi nkhosa yaikazi, awl ndi chobowolera zikopa, apiary ndi malo owetera njuchi, mawu oti mumsewu simungawamve koma okonza masewerawo amawakonda. Polemba ankagwiritsa ntchito bolopeni, osati pensulo, ndipo akamaliza ankalemba m'kope tsiku ndi mphindi zimene zapita.

Anthu ankati n'chibwana cha ukalamba. Akazi awo okha ndiwo ankadziwa chifukwa chenicheni. Mu 1983, bambo wowabereka a Dikishonale anapezeka pamphambano atavala nsapato imodzi, akufunsa odutsa njira ya kunyumba imene anamanga okha. Anakhala zaka zina zisanu osazindikira ngakhale ana awo. Kuyambira pamenepo masewera aja anasanduka sikelo: timabokosi tikadzaza, ndiye kuti mutu ukadali bwino. N'chifukwa chake mu Januwale 2019, mwana wawo wamkazi atawapempha kuti akaonane ndi dokotala poti anali ataiwala ketulo pamoto kawiri, iwo anakana kwamtuwagalu.

"Munthu wodziwa apiary akamuyeze chiyani, iwe?" anatero. "Dokotala wakoyo akuidziwa apiary?"

Lachiwiri pa 5 Malichi, atabwera kosamba, anakhala patebulo la pawindo, kuvala magalasi, n'kutsegula nyuzipepala. Mawu atatu anali atalembedwa kale. Zilembo zinali zawo: R wa mwendo wautali, E wa mzere wapakati wofupika, monga ankalembera pa matumba a makalata. Koma sankakumbukira kuti agwira bolopeni tsiku limenelo. Anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono, osauza munthu.

Lachinayi anapeza mawu anayi. Lachiwiri lotsatira, asanu ndi awiri. Anayamba kudziyesa mobisa: kutchula maina a zidzukulu kuyambira wamkulu, kuwerenga chobwerera kuchokera pa handiredi. Kugolosale anasiya kupita okha, poopa kuti akafika pamphambano miyendo idzaima. Asanatuluke pakhonde ankayang'ana kumapazi, kuwerenga nsapato.

Lachinayi pa 14 Malichi, atalowa m'bafa anaona kuti thaulo latsala pampando. Pobwerera anapeza akazi awo atawerama patebulo, bolopeni ili m'manja, milomo ikuyenda powerenga timabokosi.

"Mayi! Mukutani pamenepo?"

Bolopeni inagwa pansi. "Ndimapukuta tebulo, bambo."

"Tebulo amapukuta ndi bolopeni masiku ano?"

Mayiwo anakhala pampando. Zilembozo, anafotokoza, anawaphunzitsa ndi amuna awo omwe mu 1972, chaka cha ukwati wawo, pa mafomu otha ntchito a ku positi. Mawuwo anawatola akusita zovala, poti zaka zonsezi amuna awo ankawerenga mafunso mokweza n'kudziyankha okha.

A Dikishonale anaseka mpaka misozi. "Ndiye ndinu! Ine n'kumaonda, kuwerenga nsapato ngati wamisala, chonsecho mbava ili m'nyumba momwemuno! Mutu wanga uli bwino, mayi!"

Akazi awo sanaseke. Anatenga kope lija n'kuliika patsogolo pawo.

"Mumalemba tsiku lililonse, koma simubwerera kumasamba akumbuyo. Taonani."

Anaona. Mu 2017 yense, mphindi makumi awiri ndi zisanu, nthawi zina makumi atatu. Mu Novembala 2018, ola ndi kanthu. Mu Febuluwale, masiku asanu ndi limodzi analembapo tsiku lokha, malo a mphindi ali opanda kanthu.

"Mwezi wathawu munakhala apa mpaka tiyi kuzizira," anatero mayiwo. "Mumafuna mawu a zilembo zitatu, nkhafi yopalasira ngalawa. Oar, bambo. Munandiphunzitsa ndinu. Ndinaona nkhope yanu, ndinaona apongozi anga. Ndiye ndinati ndizikuyambirani ovutawo, muzimaliza msanga, mtima ukhale pansi. Sindinadziwe kuti ndikukuopsezani."

Mkuluyo anaika chala pa tsamba la Febuluwale. Kunja munthu ankakhoma malata.

"Mwana uja mwamuuza?"

"Ayi. Ndimadikira inu."

"Muimbireni foni. Mumuuze kuti Lolemba abwere molawirira."

Lolemba pa 18 Malichi, anavala jekete imene anatsanzikira nayo ntchito, nakhala pa benchi ya chipatala pakati pa akazi awo ndi mwana wawo. Nthawi ya 10 koloko itangodutsa, namwino anasuzumira pakhomo n'kuwaitana. A Dikishonale anaimirira, kenako anatembenuka n'kugwira akazi awo padzanja.

"Tilowe limodzi," anatero. "Koma akandifunsa kanthu, ngakhale ndichedwe bwanji, musandiyankhire."