Galimoto Tinaisiya Kumsewu

Pa nkhani yonenerera mtengo ine ndinali katswiri, ndipo ndinkanyada nazo. Amayi ogulitsa tomato kumsika ku Lusaka ankati akandiona ndikubwera, ankayamba kudandaula ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Mwamuna wanga ndiye ayi. Akauzidwa mtengo amangopisa dzanja m'thumba n'kulipira, mwina n'kupepesanso kuti wachedwetsa wogulitsayo. Choncho titatopa ndi nyumba za lendi n'kuyamba kufunafuna yogula cha ku Chongwe, tinagwirizana kuti iye aziyang'ana makoma ndi denga, zoyankhula azindisiyira ine.

Nyumba tinaimva kwa mnzanga wa kuntchito amene ali ndi poloti kufupi ndi Chalimbana. Anati kuli mayi wamasiye akugulitsa nyumba ya mabuloko ya zipinda zitatu, mapepala ake ali bwinobwino, palibenso mkangano wa achibale. Ananditchulira mtengo, ndipo kunena zoona sunali woopsa. Ndalama zimene tinasunga, kuphatikiza ndi ngongole ya kuntchito, zinali zokwanira kulipira wonsewo. Koma ine kulipira mtengo woyamba ndinkakuona ngati kupusa. Mnzangayo naye anathira mafuta pamoto.

"Osayenda na motoka," anatero. "Bantu ba kuja bakaona chabe motoka, mutengo ukwela mukalibe na kuseluka."

Malangizowo ndinawalandira n'kuwonjezera anga. Loweruka lina m'nyengo yozizira ndinavala chitenje chosuluka chimene ndimakolopa nacho m'nyumba, patapata wa kubafa ndi duku. Mwamuna wanga ndinamuvula wotchi n'kumupatsa malaya amene amavala akamakonza mipope. Anawatembenuza uku ndi uku nandifunsa ngati tikupita kukagula nyumba kapena kukapempha ufa. Ndinamuuza kuti asiye zoseka, ayendetse galimoto.

Galimoto tinaiimika pansi pa mtengo pafupi ndi kagolosale, pamene kanjira ka fumbi kamachokera pamsewu wa phula, pomwenso anthu amadikirira minibasi. Kuchoka pamenepo tinayenda wapansi, ine ndikupondera dala m'fumbi kuti mapazi atuwe.

Tinawapeza mayiwo akukumba mbatata kuseri kwa nyumba. Anali achikulire, ochepa thupi, oyenda mofulumira kuposa ine. Anasamba m'manja, natiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, mwamuna wanga n'kumupatsa kampando. Za nyumba sanafune kumva tisanamwe munkoyo. Titamwa anatifunsa mmene tayendera.

"Na basi, amai," ndinayankha msangamsanga, mwamuna wanga asanalakwitse.

"Iyee, na mphepo iyi? Mwavutika, mwana wanga."

Bodza likayamba limaitana anzake. Ndinawauza kuti ndimagulitsa tomato pamsewu, pamene ndimakhala muofesi ya boma pampando wozungulira. Mwamuna wanga ndinamusandutsa munthu wa maganyu. Ndalama zogulira nyumba ndinati zachokera ku ng'ombe zimene anasiya malemu bambo anga, chonsecho bambo anga moyo wawo wonse sanawetepo ngakhale mbuzi. Mwamuna wanga ankangoyang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi lake.

Kenaka tinalowa m'nyumba, ine n'kuyamba ntchito yanga. Wogula wochenjera sayamikira katundu. Ndinaloza mng'alu wa pakhoma la kukhitchini n'kupukusa mutu. Ndinati mulibe siling'i, mazenera ndi aang'ono, chitseko cha kuchipinda chimakhula pansi, pansi penipenipo simenti inachepa. Mumtima ndinali nditaikonda kale nyumbayo. Ndinali nditaona kale poika mashelefu, ndi chipinda chimene ana azigona. Mayiwo ankanditsatira m'mbuyo akuvomera chilichonse. Pamng'alupo anaikapo dzanja nati mabuloko onsewo anaumba ndi amuna awo, Loweruka lililonse akaweruka kuntchito, iwo akuwatungira madzi. Anati khomalo linang'aluka chaka chimene bambowo anayamba kudwala, ndipo sanapezenso mphamvu zolikonza.

Tinabwerera pamphasa. Anatifotokozera mmene anapezera mtengo wawo, mosabisa kanthu, ngati akuuza achibale. Ana awo ali kutali, iwo atopa kukhala okha, akufuna kubwerera kwawo ku Bundabunda kumene kuli mng'ono wawo. Anafunsa mmisiri kuti kanyumba ka zipinda ziwiri ka malata kangadye zingati, anawonjezapo za feteleza ndi zoti azidya podikira kukolola, basi mtengo ndi umenewo. Sanaikepo za phindu. Munthu wanzeru akanamva pamenepo kuti mtengowu ulibe mafuta oti n'kusenda. Ine ndinangomva kuti mayiwa sadziwa malonda.

Ndinatchula mtengo wanga, wotsika kwambiri moti mwamuna wanga anatsokomola. Mayiwo anaseka pang'ono nati sizingatheke. Ndinakweza pang'ono, iwo anatsika pang'ono. Ndinadandaula za ana, za sukulu, za eni nyumba amene amatitukwana mwezi ukatha. Ndinafika popukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mayiwo anayang'ana nyumba yawo.

"Banabwela benangu na mamotoka," anatero. "Benze pafupi kufika pa mutengo wanga. Koma beve bafuna kugwesa nyumba, bamange ma rumu ya bana ba sukulu. Imwe muzankalamo, muzasesa pa lubanza. Nimaziba kuvutika, mwana wanga. Lekani nichoseko."

Anachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wawo. Ndipo ine, poona kuti afewa, ndinakankhanso kamodzi, iwo n'kuchotsanso kena. Tinagwirana chanza. Mumtima ndinkavina.

Chimene ndinaiwala pokonza mapulani anga onse ndi chakuti kumudzi mlendo sachoka chimanjamanja, ndiponso sachoka yekha. Titatsanzika, mayiwo analowa kumunda n'kudzaza kathumba ndi mbatata zija, pamwamba n'kuikapo mtedza. Ndinakana, iwo anati ana akadye. Mwamuna wanga anati anyamule, iwo anati mlendo sasenza katundu pakhomo pa mwini. Anadzitwika pamutu natsogola.

"Bwelelani, amai, tafika," ndinatero titangodutsa mpanda wawo.

Anati atifikitse pamphambano. Pamphambano ndinanenanso, iwo anati pang'ono pokha. Tinadutsa chigayo, tinadutsa tchalitchi, ine ndikuwabweza pa ngodya iliyonse, iwo akungocheza za mvula ya chaka chatha. Mawu omaliza anali akuti sangatisiye tisanakwere basi, chifukwa makondakitala a masiku ano amabera alendo.

Tinafika pamsewu. Galimoto yathu inali pomwepo, yoyera, yotsukidwa dzulo lake, ikunyezimira padzuwa. Mthunzi wokhawo pamalopo unali wa mtengo umene tinaiimikapo, choncho mayiwo analunjika komweko, natula thumba n'kulitsamiritsa kutayala. Thumbalo linasiya dothi pachitseko. Anadzidzimuka, nayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kupukuta ndi chitenje chawo.

"Bene bake bangatikalipile," ananong'ona. "Bantu ba ndalama sibafuna vinthu vao vigwiliwe."

Makiyi anali m'thumba la mwamuna wanga. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Pamenepo mpata wonena zoona unalipo, waukulu ngati msewu womwewo, koma ndinawerengera ndalama zimene ndapulumutsa n'kutseka pakamwa. Minibasi itabwera, mayiwo anaiimitsa okha, anakangana ndi kondakitala za mtengo wa thumba mpaka kondakitalayo anagonja, kenaka anamasula mfundo ya pachitenje n'kundifumbatitsa kandalama kopindapinda.

"Ka basi aka. Osakana, kupatsa n'kuika."

Tinakwera, kusiya galimoto yathu pansi pa mtengo, mayiwo akutibayibitsa ataima pambali pake. Tinakatsikira m'tauni ya Chongwe, tinakhala pakhonde la sitolo ndi thumba la mbatata ngati anthu osowa kolowera, kudikira kuti mayiwo afike kwawo, kenaka tinakwera minibasi ina yobwerera. Titalowa m'galimoto mwathu mwamuna wanga anangoti, "Wawina," n'kuliza injini. Kandalama kaja kanali kadakali m'manja mwanga, konyowa ndi thukuta.

Sewerolo linapitirira mpaka kumapeto. Tsiku lolipira ndi kusainirana pamaso pa mboni tinapitanso pa basi, chitenje chomwe chija. Mwamuna wanga anandiuza kawiri konse kuti tiwonjezere ndalama zifike pamene mayiwo anayambira. Ndinamuyankha kuti malonda ndi malonda, palibe amene anawakakamiza, komanso tikawonjezera adzafunsa kuti anthu ovutika azitenga kuti. Ndalama zotsalazo ndinaikira siling'i ndi matailosi. Tinasamuka, ndipo alendo akabwera ndinkawauza monyadira mtengo umene ndinagulira, osatchula za basi.

Pogulitsa paja mayiwo anapempha chinthu chimodzi, kuti mango akadzapsa adzabwere kudzathyolako, poti mitengoyo anabzala ndi amuna awo. Ine ndinali nditaiwala. Tsiku lina mvula itayamba, ndikuchokera kutchalitchi nditavala zanga zenizeni, nsapato zazitali ndi wigi, ndinawapeza atakhala pakhonde ndi kadengu. Galimoto inali pabwalo, mwamuna wanga akuitsuka.

Ndinadikira kuti aizindikire, andifunse, anditukwane ngati n'kotheka, chifukwa kutukwanidwa ndikanakupirira. Koma magalimoto oyera ndi ambiri. Mayiwo anaimirira, anaizungulira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka analuluta mpaka aneba anasuzumira pampanda.

"Mulungu ni mukulu! Ninakamba ine kuti iyi nyumba ili na mwayi. Mwana wanga, kuchokela siku ija nenze kukupempelelani usiku na usiku kuti muchoke mu mavuto. Onani manje!"

Anandikumbatira. Anati akakafika kwawo akachitira umboni kutchalitchi, kuti anthu adziwe kuti ukathandiza wosauka Mulungu amaona. Ine ndinangoti, "Ameni, amai." Anayendera nyumba yonse akuyamikira siling'i, anagwira pamene panali mng'alu paja nati malemu amuna awo akanakondwa.

Madzulo mwamuna wanga anati tiwaperekeze pa galimoto mpaka kwawo, ndipo sanandifunse maganizo. Mayiwo anakhala kutsogolo, dengu la mango pamiyendo, osafuna kutsamira kuopa kudetsa mpando. Msewu wa ku Bundabunda, titasiya wa phula, unali matope okhaokha. Tinafika mvula ikuwaza.

Kanyumba kawo kanali ka zipinda ziwiri monga ananenera. Chipinda chimodzi chinali ndi malata. Chinacho chinafoleredwa ndi chipepala chakuda cha pulasitiki, chopsinjidwa ndi miyala ndi mitengo, pakati chitalendewera ndi madzi. M'mazenera munali matumba a feteleza opanda kanthu. Mkati, mipando imene ndinaiona m'nyumba mwawo muja inaunjikidwa pakona youma, pansi pali mabeseni olandira madontho. Anatilowetsa mosachita manyazi, natiuza kuti ndalama zinathera panjira chifukwa malata anakwera mtengo, koma akakolola adzamaliza pang'onopang'ono. Sanadandaule, ndipo sanatchule n'kamodzi komwe za mtengo umene anatichotsera. Ndinayang'ana chipepala chija n'kuona siling'i yanga.

Pobwerera ndinalira, mwamuna wanga osanditonthoza. Sabata yotsatira tinagula malata, mitengo ya denga, misomali ndi mafelemu a mazenera, tinalipira mmisiri ndi lole yonyamula. Panjira ndinkayeseza mawu oti ndikawauze: kuti galimoto ija anaipukuta ndi chitenje inali yathu, kuti tomato sindinagulitsepo, kuti izi si mphatso koma zawo zomwe. Ndinawakonza bwinobwino mawuwo.

Lole itaima pakhomo, anthu a m'mudzimo anasonkhana. Mayiwo anatuluka, anaona malata akutsitsidwa, anagwira pakamwa. Ndisanayambe kuyankhula anaitana mng'ono wawo ndi aneba kuti abwere adzaone ana amene anawauza aja, osauka amene Mulungu anawakweza koma sanaiwale kumene anachokera. Kenaka, pamaso pa anthu onsewo, mayiwo, a msinkhu wa amayi anga, anagwada m'matope patsogolo panga n'kuyamba kuwomba m'manja.

Ndinawagwira mapewa kuti adzuke, ndikuti, "Amai, imani, nipempako, imani." Anakana. Anapitiriza kuwomba m'manja, akundithokoza chifukwa cha ndalama zawo zomwe, ndipo ine mawu ndinakonza aja sindinawanene.