Mbale ya Ndudu pa Maliro Athu

Ndinalemba kalata yoyamba yodandaula Lolemba lotsatira maliro a mng'ono wanga Sitefano, m'chisanu cha chaka chatha. Kalatayo ndinaipereka pamanja kwa mlembi wa bungwe lathu la maliro, la ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, kuno ku Kambuzuma. Yachiwiri ndinalemba mvula itayamba. Makope onse ali m'sutikesi mwanga. Yankho mulibe.

Nkhani yake ndi mbale ija ya ndudu imene imazungulira amuna pa maliro athu, mwambo umene tinachoka nawo ku mafamu a fodya. Sitefano anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Mwana wake Yohane, bambo wa ana atatu amene amawotcherera zitsulo ku Willowvale, anali atatha miyezi isanu osasuta. Mbale inamupeza pa maliro a bambo ake omwe. Anatola imodzi. Mpaka sabata ino anali asanalekenso.

Koma lero ndiyambe ndi kuthokoza.

Lachitatu ndinamuperekeza Yohane kuchipatala chifukwa cha chifuwa chosatha. Mu kombi, minibasi ya kuno, ankandiseka.

"Bambo aakulu, envulopu yonseyo? Tikupita kukhoti?"

"Iwe khosomola, za mapepala undisiyire."

Dokotala, mayi wodekha, anamufunsa ngati kumtundu kwathu alipo anadwalapo mapapo. Yohane anati bambo ake basi, ndipo dzina la matendawo analitchula mokayika. Kwathu timangoti "chifuwa chinawatenga", eti? Ndinatsegula envulopu: chikalata cha imfa ya Sitefano, ndi khadi la kuchipatala la bambo athu, lofiirira ngati tsamba la fodya la m'balani, la masiku amene ankalavula magazi.

Dokotala anawerenga zonse osafulumira. Kenako anati, monga amaitanira agogo kuno, "Sekuru, mwandithandiza. Ameneyu timujambule m'chifuwa lero lomwe."

Ndinawauza zimene zinkandiwawa. Ine ndi Sitefano tinayamba kusuta limodzi pa famu. Ine ndinaleka tsiku limodzi, osabwereranso. Iye analeka kambirimbiri, n'kumabwerera. Zaka zonsezi ndinkamutcha wofooka mtima, ndipo ndinamuuza zimenezo ali pa mphasa.

Dokotala anandiyankha kuti chibaba cha fodya sichigwira anthu mofanana. Ena amabadwa ndi thupi limene fodya amaligwira msanga n'kukana kulisiya. Amatengera kwa makolo, ndipo ana a mimba imodzi satengera zofanana. Wotereyu amasuta kwambiri, kwa zaka zambiri, choncho ngozi ya khansa imakula. "Koma magazi sayatsa ndudu," anatero. "Chimawononga mapapo ndi utsi, ndipo kuleka kumathandiza aliyense."

Kani ine amene ndinkadziguguda pachifuwa ndinangosenza katundu wopepuka? Mayi dokotala, zikomo. Mwandibwezera mng'ono wanga, ngakhale kupepesa ndachedwa nako.

Chithunzi sichinaonetse chotupa. Tikudikira zotsatira za kuyeza makhololo. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Yohane wapatsidwa tsiku lokaonana ndi aphungu othandiza kuleka, ndipo mkazi wake wataya mbale ya phulusa. Lero ndi tsiku lake lachinayi osasuta.

Tsono inu anzanga a ku Dzivarasekwa, ku Mbare ndi kuno, mumadziwa chimene chinapha agogo anu? Kapena mapepala munayatsira mbaula? Timasunga mayina a midzi ya ku Malawi imene sitinaiponde, koma dzina la matenda timalikwirira ndi mwini wake. Mwana akafunsidwa kuchipatala ayankha chiyani?

Nanga mbale ija ikamazungulira, woinyamula amadziwa bwanji amene angatole imodzi n'kuiwala, ndi amene imodziyo idzamutenge zaka khumi? Palibe amadziwa. Ine ndemwe sindinadziwe za mng'ono wanga.

Maliro salengeza tsiku. Akadzagwa ena, Yohane adzakhala pakati pa amuna, chifukwa ndi mwana wolongosoka.

Choncho, a tcheyamani ndi a komiti, mwaulemu wonse, ndikupempha kachitatu kuti mbale ya ndudu ichotsedwe pa maliro a bungwe lathu. Wofuna kusuta abwere ndi zake, akasutire kumsewu. Ndikupempha yankho lolembedwa, losainidwa, maliro ena asanagwe. Malo ake m'sutikesi ndasunga kale.