Mbande za a Mwale

Phulusa likanyowa limakhala ndi fungo lakelake, ndipo mpaka lero ndikalimva mtima umabwerera kudambo la kwathu ku Wimbe, kumene tinkachita nazale ya fodya. Tisanafese, bambo ankaunjika mapesi pamabedi n'kuwayatsa kuti aphe tizilombo ta m'nthaka, kenako tinkathira madzi paphulusapo. Chaka chimene ndikunenachi ndinali mtsikana wa zaka khumi. Ntchito yanga inali yotunga m'chitsime ndi ndowa n'kumadzaza makeni, bambo n'kumathirira.

Chitsimecho tinkamwera limodzi ndi a Mwale, oyandikana nafe nyumba, amene mabedi awo atatu anali kumunsi kwa athu. Koma chaka chimenecho moni anali ataduka pakati pathu. Dzinja lapitalo makuponi a feteleza anachepa m'mudzi, ndiye banja lathu ndi lawo anatiphatikiza pa kuponi imodzi kuti tigawane thumba pakati. A Mwale ndiwo anapita kukagula, n'kubwerako chimanjamanja, ati feteleza anatha iwo ali pamzere. Mwezi usanathe chimanga chawo chinabiriwira mochititsa kaso, chathu chili chachikasu, chonyozoloka. Pofika Okutobala nkhokwe yathu inkaoneka pansi, ndipo mayi anali atayamba kale kusakaniza ufa ndi gaga. Chiyembekezo chonse chinali pa fodya ameneyu.

Mayi anga sankasunga mawu m'kamwa, moti nkhani ya fetelezayi ngakhale nkhuku za pakhomo zinkaidziwa. Bambo anali osalankhulalankhula. Kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, sanakhalepo mkulu wa mpingo, ndipo nyimbo ankaimba mosemphana ndi anzawo mpaka ine ndinkachita manyazi. M'maganizo mwanga, Akhristu enieni anali aja ovala majekete, opemphera mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Pakati pa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, akazi a Mwale anadwala mwakayakaya ndipo anawatengera kuchipatala kuboma. Amuna awo anapita nawo kukawadikirira. Mabedi aja anatsala opanda wowathirira, ndipo mbande ya fodya sipirira ludzu. Tsiku lachiwiri masamba anali atagwa khosi. Ine ndinkawayang'ana ndikusangalala mumtima, sindibisa. M'mawa wa tsiku lachitatu, titamaliza mabedi athu, ndinavundikira ndowa kuti tizipita, koma bambo anandibwezera makeni.

"Dzazanso," anatero, n'kutsikira kumunsi.

Vuto linali madzi. Chitsime chinali chitaphwa, moti ukatunga ndowa zingapo unkafika pamatope n'kukhala pansi kudikira kuti madzi abwerere. Pogawa madziwo pa nazale ziwiri, bedi lathu la m'mphepete linayamba kupserera. Mayi atabwera kudzaona, anagwira m'chiuno.

"A Phiri, ana awa adzadya chiyani? Chimanga anatiphera, lero muphenso fodya chifukwa cha iwo omwewo?"

"Mbandezi sizinatibere feteleza, a Nabanda," anayankha bambo, osakweza mawu.

Madzulo ake anatenga khasu ndi fosholo n'kulowa m'chitsime. Masiku awiri anakhala akuchizamitsa, ine ndikukoka matope ndi chingwe. Ankatuluka ali mbuu, maso okha ndiwo akuoneka, ine n'kumaseka mpaka kugwa. Chodabwitsa n'chakuti masabata atatu amenewo ndi amene ndimawakumbukira mokoma kwambiri paubwana wanga wonse. Tinkalawirira udzu ukadali ndi mame, matope ozizira akulowa pakati pa zala za kumapazi. Podikira madzi tinkadya mango osapsa ndi mchere, nyenje zikulira m'mitengo, bambo akung'ung'uza nyimbo yawo yokhotakhota ija. Lamulungu tinkathirira kaye, n'kukafika kutchalitchi nyimbo yoyamba itatha, buluku la bambo lili lonyowa m'miyendo. Mayi ankadandaulabe, komatu ndiwo ankatibweretsera mbatata yootcha kudamboko.

A Mwale anabwera tsiku lina m'mawa, atawonda, akuyenda ngati munthu wopita kukaona manda. Atafika pamabedi awo anaima chilili. Mbande zinali zobiriwira, zothinana, zofika m'kakolo. Anayang'ana makeni, anayang'ana chitsime, anayang'ananso bedi lathu lopserera lija. Ine ndinaika ndowa pansi, ndikudikira kuti agwade aulule zonse, bambo awauze mawu amene mayi anali atawakonza chaka chathunthu.

"A Phiri," anayamba a Mwale.

"Mayi ali bwanji?" anafunsa bambo.

"Atuluka dzulo. Akupezako bwino."

"Tithokoze Mulungu. Mbande zanuzi zafika pometa masamba, musachedwe nazo."

Bambo anawapatsira keni m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinakhumudwa kwambiri, moti ndinayenda njira yonse yobwerera kunyumba osawalankhula bambo.

Mvula itagwa, mabanja onse awiri tinawokera fodya. Ife mbande zinatiperewera mizere ya kumapeto, ndipo mayi anadzalamo mtedza uku akung'ung'udza. Za feteleza uja a Mwale sanazitchulepo mpaka imfa yawo, ngakhale kuti moni anabwerera, ndipo ana awo ndi ife tinayambanso kusewerera limodzi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti bambo anga anali munthu woiwala msanga, mwinanso wopusa pang'ono. Lero ndine wamkulu, ndili ndi anthu anga amene anandilakwira, ndipo ndadziwa kuti munthu amene akudyetsa ana ake gaga saiwala amene anachititsa. Bambo ankakumbukira m'mawa uliwonse akamatsikira kumunsi kuja, makeni awiri odzaza ali m'manja, ndipo ankatsikabe.